Malisiti akutsetsereka, kope lachitatu silikuoneka: thandizeni

Nachisale (Mchinji): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine zandivuta. Kunkhokwe komwe ndimagwira ntchito tili mkati mogula soya ndi mtedza, ndiye mlimi aliyense akapimitsa katundu timamusindikizira lisiti la masamba atatu: loyera limapita kwa iye, lachikasu kwa dalaivala wa lole, lapinki limatsala mu ofesi. Pirinta yathu ndi Epson LX-350, ija imalira ngati nyenje. Mapepala akale anatha Lachiwiri, abwana n'kubweretsa makatoni awiri atsopano. Chiyambire tsiku limenelo lisiti loyamba limatuluka bwinobwino, lachiwiri zolemba zimatsika pang'ono, lachitatu dzina la mlimi likulowa m'bokosi la makilogalamu, pofika lachisanu theka la lisiti lili patsamba lina. Ndikumachita kuzimitsa pirinta, kukoka pepala ndi dzanja, kuyatsanso, mlimi aliyense chimodzimodzi. Panjapa anthu ali pamzere chifikireni m'mawa. Chawonongeka n'chiyani?

Yamikani IT: Achemwali, palibe chawonongeka. Kompyuta yanu ikutumiza A4 pomwe pepalalo si A4. Nkhani yake ndi yomweyo nthawi zonse.

Nachisale (Mchinji): Koma achimwene sindinakhudze chilichonse pakompyutapo. Zaka zitatu zakhala zikuyenda bwino.

Bambo Mbewe (Zomba): Mwanawe, usanakhudze kompyuta chita zinthu ziwiri. Choyamba, tenga tsamba limodzi la mapepala atsopanowo, kuchokera pamzere wong'ambira wina kufika pa unzake, uwerenge timabowo ta m'mbalimo, mbali imodzi yokha. Ukapeza lisiti lakale limene silinachotsedwe m'mphepete uwerengenso. Chachiwiri, tenga rula uyeze kuti zolembazo zikutsika motalika bwanji kuchoka pa lisiti loyamba kufika pa lachiwiri. Ubwere nazo nambalazo.

Dalitso (Joni): Madala afika kkkk. Tikhale pansi tiphunzire.

Nachisale (Mchinji): Bambo, ndawerenga kawiri. Atsopanowa timabowo 22. Lakale ndalipeza m'kabati, lili ndi 24. Kutsikako ndi masentimita awiri ndi theka, mwina kupitirira pang'ono.

Bambo Mbewe (Zomba): Basi mlandu watha. Pa mapepala olumikizanawa, kuchoka pakati pa kabowo kamodzi kufika pakati pa kanzake ndi theka la inchi, kapena kuti mamilimita 12.7. Zimenezi sizisintha, kaya pepalalo lapangidwa ku Durban kaya ku Dubai, chifukwa mano a pirinta amene amakoka pepalalo anatalikirana choncho. Ndiye timabowo ndi rula yako. Timabowo 22 ndiye kuti tsambalo ndi lotalika mainchesi 11. Timabowo 24 ndi mainchesi 12. Mapepala ako akale anali a 12, atsopanowa ndi a 11. Pirinta ikamaliza lisiti imakoka mainchesi 12 monga inazolowera, ndiye imapitirira mzere wong'ambira ndi inchi imodzi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, masentimita awiri ndi theka ako aja. Lisiti lachiwiri latsika inchi imodzi, lachitatu ziwiri, lachisanu zinayi.

A Yamikani, mukanakhoza mukanati vuto ndi kutalika kwa tsamba, koma si A4. A4 ndi mamilimita 297, tsamba la mainchesi 11 ndi 279.4. Kusiyana kwake ndi 17.6, sikufika masentimita awiri. N'chifukwa chake ndinati ayeze.

Yamikani IT: Ndagonja bambo. Ine timabowoto ndimangotiona ngati zokongoletsa.

Mabvuto (Chipata): Ine nafuna kumvetsa, "mano" amene mukamba ndi ciani?

Bambo Mbewe (Zomba): Kumbuyo kwa pirintayo kuli timalamba tiwiri, kumanzere ndi kumanja, tokhala ndi timinga ta pulasitiki. Timingato timalowa m'timabowo ta pepala n'kumalikoka. Pa Chingerezi chipangizo chimenechi amachitcha tractor, timabowoto amati sprocket holes, mzere wong'ambirawo ndi perforation, ndipo pepala lopindidwa uku ndi uku ngati lija lili m'katoni amati fanfold kapena continuous form. Mawu amenewa muwadziwe chifukwa ndi amene alembedwa pakatoni ndi m'kabuku ka pirinta.

Dalitso (Joni): Ndiye a Nachisale muli ndi thirakitala mu ofesi pomwe alimi panjapo akulima ndi khasu kkkkk

Nachisale (Mchinji): Inu a Dalitso musandiseketse, anthu akundiyang'ana. Ndiye ndikonze pati?

Yamikani IT: Apa pokha ndiye ndi panga. Ngati ndi Windows, pitani pomwe pali ma printer, dinani kumanja pa LX-350, tsegulani Printing Preferences, muone pamene palembedwa Paper Size. Mutiuze chimene chili pamenepo.

Nachisale (Mchinji): Palembedwa German Std Fanfold.

Yamikani IT: Ndi chimenecho. Ameneyo ndi 8.5 kwa 12. Sankhani Letter, kapena Letter Fanfold ngati ilipo, ndi 8.5 kwa 11. Muonenso pa Paper Source pakhale Tractor. Mukasintha pamenepo mulowenso mu Printer Properties, Advanced, Printing Defaults, musinthe chimodzimodzi, chifukwa mapulogalamu ena amatenga kumeneko. Pulogalamu ya sikeloyo ngati ili ndi Page Setup yakeyake muionenso.

Dalitso (Joni): Zaka zitatu pirinta ya ku Mchinji yakhala ikuganiza kuti ili ku Germany.

Mayi Nkhoma (Limbe): Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ine ndimasindikiza mafomu amenewa, ndiye ndilankhuleko za mbali yathu. Amene anakusindikizirani makatoniwo analakwitsa posafunsa. Munthu akabwera kuti akufuna malisiti a pirinta ya mano, ine sindiyamba ntchito asanandipatse masamba atatu kapena anayi a akale, osang'amba, m'mphepete mulimo. Chithunzi cha pa WhatsApp sindilandira, chifukwa pachithunzi 11 ndi 12 amaoneka ofanana. Koma nawonso mabwana amafika n'kunena kuti "ndipangireni a A4 aja," basi, ukafunsa zambiri akuona ngati ukufuna kukweza mtengo.

Ndipo mawu akuti A4 pa mapepala awa ndi msampha. Ena akati A4 akutanthauza mainchesi 9.5 kwa 11, ena akutanthauza mamilimita 240 kwa mainchesi 12, pomwe A4 weniweni wolumikizana ndi mainchesi 11 ndi magawo awiri mwa atatu. Atatu onsewo m'shopu amawatchula dzina limodzi.

Bambo Mbewe (Zomba): Mayi mwakumbutsa chinthu chabwino. A4 weniweniyo ndi wovuta kuwerenga timabowo, chifukwa tsamba limodzi limakhala ndi 23 ndi kachidutswa. Mzere wong'ambira umagwera malo osiyana patsamba lililonse: pena pakati pa timabowo, pena pafupi ndi kabowo. Umabwerera pamalo ake pakatha masamba atatu, omwe ndi mainchesi 35, timabowo 70. Mukalowa m'ndandanda wa zosankha wa pirinta za Epson mupeza kutalika kwina kolembedwa 70/6. Anthu amadabwa nako. Ndi A4 ameneyo: mizere 70 ya zolemba, pa mizere 6 inchi iliyonse. Tsamba la 11 limatenga mizere 66, la 12 mizere 72. Kabowo kamodzi ndi mizere itatu. Ife tinkawerengera pamtima zimenezi.

Dalitso (Joni): Kuno komwe ndimagwira ntchito timagulitsa mapepala amenewa, ndipo pakatoni amalemba mamilimita: 280 x 240. Nambala yoyambayo ndi kutalika, mainchesi 11 aja angowazunguliza. Mukaona 140 x 240 ndi theka lake, mainchesi 5.5, timabowo 11, amene amakonda a mahadiweya pa ma invoice. Mukaona 280 x 370 ndi otambalala aja, salowa mu LX-350. Iyo imathera pa mainchesi 10 m'lifupi. Otambalalawo amafuna pirinta zazitali ngati LQ-2190 kapena FX-2190. Ndaonapo munthu atanyamula makatoni oterowo pabasi mpaka ku Blantyre, kukafika n'kupeza salowa.

Nachisale (Mchinji): ZATHEKA! Ndasindikiza asanu motsatizana, onse dzina pamalo pa dzina, makilogalamu pamalo pa makilogalamu. Ambuye akudalitseni. Koma poti mwayamba, malizani. Mapepala atsopanowa lapinki likutuluka lofuwa, nambala 3 ndi 8 sizikusiyana. Ndasintha riboni dzulo koma palibe chasintha.

Mayi Nkhoma (Limbe): Riboniyo mwangotaya ndalama, achemwali. Riboni imadetsa tsamba lapamwamba lokha. Apansiwo amalembedwa ndi kumenya kwa timasingano ta m'mutu wa pirinta. Mapepala amenewa alibe kaboni pakati, koma anapakidwa mankhwala. Kumsana kwa loyera kuli timatumba tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, todzaza ndi utoto. Kumaso kwa lachikasu kuli ngati dongo lolandira utotowo. Singano ikamenya, timatumba timaphulika, utoto n'kukumana ndi dongolo, chilembo n'kuoneka. Ife pogula timati loyamba ndi CB, lopakidwa kumsana kokha. Lapakati ndi CFB, lopakidwa mbali zonse ziwiri. Lomaliza ndi CF, kumaso kokha. Akasokoneza ndondomekoyi polumikiza, tsamba lina limatuluka loyera mbee. Kandani ndi chikhadabo pakona pa loyera muone ngati mzere ukuoneka pa onse awiri apansi.

Nachisale (Mchinji): Ukuoneka pa onse, wakuda bwino.

Mayi Nkhoma (Limbe): Ndiye mapepalawo alibe mlandu. Tsegulani chivundikiro, muona kachitsulo kapena kapulasitiki kokhala ndi manambala m'mbali, kosendezera mutu wa pirinta pafupi kapena kutali ndi pepala. Kali pa nambala yanji?

Nachisale (Mchinji): Kali kumapeto kwenikweni, pa nambala yaikulu. Ndikuganiza kuti mnzanga wa usiku anakakankha pamene pepala linakodwa.

Bambo Mbewe (Zomba): Mutuwo uli kutali, ukumenya mofooka. Zimitsa kaye, udikire uzizire chifukwa umatentha, ndiye ubweze kachitsuloko pang'onopang'ono. Pepala limodzi ndi pa 0, masamba akachuluka umakwera sitepe ndi sitepe, kabuku kake kali ndi tebulo. Koma usapanikize kwambiri pofuna kuti lapinki lide. Ukatero riboni imayamba kupaka loyera, mutu umakoka mzere wong'ambira, ndipo timasingano timatha msanga. LX-350 ili ndi timasingano 9 ndipo inapangidwa kuti izitha tsamba lapamwamba ndi makope anayi, ndiye atatu si katundu kwa iyo.

China, ndamva ukuti umakoka pepala ndi dzanja. Chigubu cha m'mbali chosendezera pepala ndi dzanja chija usamachipotokole pirinta ili yoyaka. Imaiwala pamene tsamba layambira, ndipo magiya amadyeka. Pali batani la Tear Off: limakankha pepala kufika pong'ambira, ukang'amba pirinta imalibweza yokha pamalo oyambira.

Yamikani IT: Ine ndinene zimene ndakhala ndikuzisunga. Chaka chino tikulimbanabe ndi timabowo? Gulani pirinta ya laser, A4 wamba amapezeka pa golosale iliyonse, sindikizani makope atatu, nkhani yatha. Phokoso lokhalo la LX limandipweteka mutu.

Nachisale (Mchinji): Achimwene munalowapo m'nkhokwe ya soya mwezi wa May? Fumbi lake mukalowa wakuda mumatuluka wotuwa. Laser tinali nayo, sinathe miyezi isanu ndi umodzi.

Mayi Nkhoma (Limbe): Komanso a Yamikani, makope atatu a laser ndi mapepala atatu osiyana. Mlimi asaine katatu, kalaliki asaine katatu, ndipo palibe chimene chikuletsa munthu kusindikiza lachinayi la nambala zina. Pa awa mlimi akasaina kamodzi, siginecha imadutsa pa onse, ndipo wina akafuna kusintha 3 kukhala 8 pa loyera, lapinki limamutsutsa. Oona za mabuku a ndalama amawakonda chifukwa cha chimenecho.

Dalitso (Joni): Ndipo magetsi akazima, LX imayenda pa inverter yaing'ono. Laser ikayamba kutenthetsa ng'anjo yake ija inverter imalira n'kuzima.

Yamikani IT: Mwandiunjikira ngati ndaba nkhuku. Chabwino. Koma pa ma payslip ndikanenabe laser.

Bambo Mbewe (Zomba): Phokoso la LX mukuti phokoso? Ine ndinayamba ntchito m'chipinda cha makompyuta m'zaka za m'ma 1980, pa makina osindikiza mzere wathunthu kamodzi. Pepala lake linali lotambalala lija, mainchesi 14 ndi magawo 7 mwa 8, la mizere yobiriwira ndi yoyera yosinthana kuti diso lisasochere powerenga manambala. Zilembo 132 pamzere umodzi. Makolo a makina oterewa ndi monga IBM 1403 ya mu 1959, imene inkatha mizere 600 pa mphindi imodzi. Kutalika kwa tsamba sikunali pakompyuta ayi. Kunali pa kalamba ka pepala kozungulira, kokhala ndi njira 12, kamene munthu ankaboola ndi choboolera. Bowo la m'njira yoyamba ndiye pamwamba pa tsamba. Ukamata kalambako mokhota, malipiro a mwezi onse amatuluka monga malisiti a Nachisale aja, koma masamba mazanamazana, iwe uli kumwa tiyi.

Zikatuluka tinali ndi makina ena awiri. Decollator inkalekanitsa makope n'kukulunga kaboni wa pakati pa ndodo, chifukwa ambiri a ife tinkagwiritsabe a kaboni ngakhale opanda kaboniwa kampani ya NCR ya ku Dayton, Ohio inawatulutsa kale mu 1954. Burster inkang'amba tsamba ndi tsamba. Tsiku limene decollator yafa tinkachita ndi manja, kubwerera kunyumba manja ali bii, malaya oyera atasanduka ena. Mayi a kunyumba ankadziwa okha kuti lero ndi pa 20.

Mabvuto (Chipata): Madala lembani buku.

Nachisale (Mchinji): Ndabweza kachitsuloko masitepe angapo, lapinki likuwerengeka tsopano. Funso lomaliza, ndikulonjeza. Abwana akuti mwezi wamawa aitanitsa ena. Ndiwalembere chiyani kuti zisachitikenso?

Mayi Nkhoma (Limbe): Lembani chonchi ndipo mumate chitsanzo. M'lifupi: mainchesi 9.5 pamodzi ndi m'mphepete, ndiye kuti 8.5 mukachotsa timizere ta timabowo. Nenani ngati mukufuna kuti m'mphepetemo muzing'ambika kapena ayi, chifukwa alipo ena opanda mzere wa m'mbali. Kutalika: mainchesi 11, timabowo 22, ndipo mawu akuti A4 asapezeke paliponse pakalatayo. Masamba: atatu, opanda kaboni, loyera, lachikasu, lapinki, mwandondomeko imeneyo. Kulemera: a makope amakhala opyapyala, magalamu a m'ma 50 mpaka 60 pa sikweya mita, amene pakatoni amalemba gsm. Musalole kuti akuikireni lapamwamba lokhuthala ngati la fotokope pofuna kuti lioneke lapamwamba, chifukwa limamwa mphamvu ya singano lapinki n'kufuwanso. Nambala za malisiti: nenani yoyambira, ipitirize pamene akale athera.

Chimene anthu amaiwala ndi kalumikizidwe. Masamba atatuwo amagwirana m'mphepete. Njira yabwino ndi crimp, timano ta pepala lomwelo tobooledwa n'kupindikira mkati, mbali zonse ziwiri, kapena timadontho ta guluu. Crimp imalola masamba kusuntha pang'ono pamene akuzungulira pa chigubu. Guluu wopaka mzere wonse amaumitsa m'mphepete, popindapo pamatukuka ngati tenti, mutu wa pirinta n'kukodwa pamenepo. Sitepulo ndiye ayi ndithu, ngakhale atakuuzani kuti ndi yotchipa.

Bambo Mbewe (Zomba): Muonjezepo mzere wong'ambira. Ukauyang'anitsitsa uli ndi podula ndi potsala, podula ndi potsala. Mabuku a Epson amati podulapo pazitalika katatu mpaka kasanu kuposa potsala, ndipo kudulako kusafike m'mphepete mwenimweni mwa pepala. Podula pakachuluka pepala limaduka lokha mano akamakoka. Pakachepa, pong'amba umang'amba ndi lisiti lomwe. Ukalandira katoni, tulutsa masamba khumi, ugwire lapamwamba uwalendewetse. Asaduke. Kenako pinda kamodzi ung'ambe, ang'ambike mowongoka.

Dalitso (Joni): Ndipo funsani kuti m'katoni muli ma set angati, osati mapepala angati. Wina amakuuzani nambala yaikulu akuwerenga tsamba lililonse, inu n'kumaganiza kuti ndi malisiti. Gawani ndi 3.

Mayi Nkhoma (Limbe): Kasungidwe nakonso. Katoni isakhale pasimenti, ikani pa thabwa. M'dzinja pepala limamwa chinyontho, limafufuma, timabowo timatalikirana pang'ono n'kuyamba kudumpha mano. Yosatsegula isiyeni m'pulasitiki yake. Musaike zolemera pamwamba, timatumba ta utoto tija timaphulika, mupeza masamba apansi ali ndi mabala. Padzuwa kapena m'galimoto yotseka ayi. Ndipo makope apinki amene mukusunga a zaka zambiri akhale m'bokosi mwamdima, chifukwa kuwala kumawafufutitsa.

Yamikani IT: Kuika katoni pansi pa tebulo molunjika ndi pirinta, nakonso ndinaphunzira mowawa. Ikakhala chammbali pepala limakwera mopendama, timabowo ta mbali imodzi timang'ambika kukhala ngati mazira. Komanso musakoke ma tractor awiriwo mpaka pepala kuuma ngati ng'oma, lingowongoka basi.

Bambo Mbewe (Zomba): Onani, mnyamata wa laser akudziwa.

Nachisale (Mchinji): Ndalemba zonse kuseri kwa lisiti lowonongeka, ndamata pakhoma. Koma mayi Nkhoma mwandichititsa manyazi: katoni yachiwiri ija ndapeza ili pasimenti pakona, pamwamba pake mlonda anaikapo thumba la mtedza ndipo ndi pamene amakhala akamadya. Ndatsegula, ma set apamwamba onse ali ndi mabala. Ndachotsa okwana 30, apansi ali bwino.

Mayi Nkhoma (Limbe): Musawataye 30 amenewo, ali ndi nambala. Lembani CANCELLED pa lililonse, abwana asaine, muwasunge pamodzi ndi apinki. Oona za mabuku akabwera adzafunsa kuti nambala zimenezo zinapita kuti.

Nachisale (Mchinji): Ndikanawayatsira mbaula madzulo ano. Ndapita, kwabwera lole ina.

Mabvuto (Chipata): Ine nawerenga anga apa, nipeza 17. Bambo Mbewe, ndiye kuti bwanji?

Bambo Mbewe (Zomba): Mainchesi 8.5. Aliko oterowo. Tumizani chithunzi cha pakatoni tione m'lifupi mwake.